Utsi Umene Timayeza Si Umene Timapuma

Galimoto yatsopano, mbaula yankhuni kapena chumuni cha fakitale zikamayesedwa ngati zikutsata malamulo a utsi, woyesa amaima pamene utsiwo ukutulukira. Amaukoka ndi pampu, amaudutsitsa pa sefa, kenako amaika sefayo pa sikelo. Nambala imene yapezeka ndi imene imapatsa kampani chilolezo, ndi imene imalowa m'mabuku a boma, ndiponso ndi imene akatswiri amaika mu kompyuta polosera mmene mpweya wa mzinda udzakhalire. Koma anthu sapumira pakamwa pa paipi. Ambiri amakumana ndi utsiwo patapita maola atatu, tsiku lathunthu kapena masiku anayi, uli kutali ndi kumene unachokera, ndipo pofika nthawi imeneyo dzuwa, ozoni ndi madzi a m'mitambo zimakhala zitausandutsa chinthu china. Ine ndikuti lamulo loyeza utsi wongotuluka kumene, osafunsa chimene utsiwo usanduke mawa, likuyeza mbali imodzi ya vuto, ndipo kawirikawiri ndi mbali yaing'ono.

Tizidutswa timene timadetsa nkhawa madokotala ndi tija totchedwa PM2.5, tosapitirira maikulomita 2.5 kukula kwake (maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), timene timatsika mpaka m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa mlingo wake kufika pa maikulogalamu 5 pa kiyubiki mita ya mpweya pa avareji ya chaka, ndi 15 pa avareji ya tsiku. Mukatiphwanya mupezamo mchere wa salufeti ndi naitireti, mwaye wakuda, tizitsulo pang'ono, ndi gulu lalikulu la zinthu za oganiki, ndiwo mamolekyu omangidwa pa maatomu a kaboni ndi haidirojeni, ochokera ku mafuta, nkhuni, zophikaphika ndi masamba a mitengo. Kafukufuku wa Jose Jimenez ndi anzake wa mu 2009, amene anasonkhanitsa zoyeza za m'malo ambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, ananena kuti gulu limeneli limatenga kuyambira 20 mpaka 90 peresenti ya kulemera kwa tizidutswa tosakwana maikulomita imodzi. Zambiri mwa izo sizinkafanana ndi zotuluka mu injini kapena pamoto. Zinali zodzaza okosijeni, umboni wakuti zinapangika kapena zinasinthidwa mumpweya momwemo.

Kusintha koyamba sikudikira n'komwe dzuwa. Makemikolo ambiri a mu utsi sakhala mbali imodzi: gawo lina limakhala m'kachidutswa, gawo lina ndi nthunzi, ndipo amasamukasamuka malinga ndi kutentha komanso kuchuluka kwa tizidutswa towazungulira. James Pankow anafotokoza masamu ake mu 1994, ndipo ndi osavuta. Kemikolo iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mmene imafulumirira kusanduka nthunzi. Tinene kuti nambalayo ndi maikulogalamu 10 pa kiyubiki mita. Mu utsi wokhuthala wa pakamwa pa paipi, mmene zinthu za oganiki za m'tizidutswa zakwana maikulogalamu 1,000, magawo 99 pa 100 a kemikoloyo amakhala m'tizidutswa. Utsi uja ukabalalika n'kutsala maikulogalamu 10, theka limauluka. Ukatsika kufika pa maikulogalamu 1, m'tizidutswa mumatsala magawo 9 okha. Ndiye kuti injini imodzimodziyo ingakupatseni nambala zitatu zosiyana, malinga ndi mpweya woyera umene mwasakanizamo musanasefe ndi kutentha kwa sefa yanu.

Zoulukazo sizitayika, ndipo apa m'pamene pagona nkhani. Mu 2007 Allen Robinson ndi anzake a pa Carnegie Mellon University ku Pittsburgh anatenga utsi wa injini ya dizilo, n'kuusakaniza ndi mpweya woyera mpaka gawo lalikulu la tizidutswa take ta oganiki litauluka, kenako anauika pa kuwala kwa UV kwa maola ochepa. Tizidutswa tatsopano tinabadwa tochuluka, ndipo makemikolo amene asayansi ankawadziwa kale ngati makolo a tizidutswa totere anangofotokoza kagawo kochepa. Zotsalazo zinachokera ku mamolekyu apakatikati, aja okhala ndi maatomu a kaboni pafupifupi 12 mpaka 22: olemera moti makina oyezera mpweya ankawaphonya chifukwa amamatirira m'mapaipi, opepuka moti sefa sinkawagwira. Analibe mzere wawo m'kaundula wa zowononga mpweya. Tizidutswa ta oganiki tobadwira mumpweya totere asayansi amatifupikitsa kuti SOA.

Masana ntchito yaikulu imagwiridwa ndi OH, kachidutswa ka molekyu yamadzi kosowa haidirojeni mmodzi. Kamapangika cheza cha UV chikaswa ozoni, atomu ya okosijeni yothothokapo n'kugundana ndi nthunzi yamadzi. Sikatha sekondi imodzi kasanagwire chinthu, ndipo pa avareji timapezeka pafupifupi 1 miliyoni mu kiyubiki sentimita, mmene mamolekyu onse a mpweya ali pafupifupi 25 biliyoni biliyoni. Kuchepa konseko, kamakwanira. Kamalanda haidirojeni pa molekyu ya mafuta, pamalo otsalawo okosijeni wa mumpweya amalowapo nthawi yomweyo, ndipo zotsatira zimadalira amene wafika msanga. Kumene kuli mpweya wa NO (naitirojeni okusaidi, wotuluka mu injini) wambiri, monga m'misewu ya magalimoto, molekyuyo imatha kusanduka naitireti ya oganiki kapena kuduka pakati. Kumene NO ndi wochepa imasanduka perokosaidi, apo ayi imadzipinda n'kudzilanda yokha haidirojeni, n'kumeza okosijeni wina, mobwerezabwereza m'masekondi ochepa. Mikael Ehn ndi anzake anaonetsa njira yomalizayi mu 2014, potsata zimene zinkaoneka m'nkhalango ya Hyytiälä ku Finland ndi kuziyesa m'labotale ya ku Jülich ku Germany: molekyu ya alpha-pinene, imene imapereka fungo la mitengo ya paini ndipo ili ndi kaboni 10 popanda okosijeni, ikakumana ndi ozoni imatha kutuluka itanyamula maatomu a okosijeni 7, 9, ngakhale 11.

Okosijeni aliyense wowonjezeka amamanga molekyu kuti isauluke. Gulu la OH likamatidwa pa molekyu limachepetsa kuuluka kwake pafupifupi ka 100, pamene gulu la asidi limachepetsa koposa ka 1,000. Choncho nthunzi imene inadutsa pa sefa ya woyesa m'mawa imakhala itakhazikika pa kachidutswa kena pofika madzulo, ndipo imabwera yolemera kuposa mmene inachokera. Mu utsi watsopano wa galimoto mumakhala okosijeni wosakwana mmodzi pa maatomu 10 a kaboni. Mu utsi wokhalitsa amafika 7 kapena kupitirira. N'chifukwa chake chizolowezi chakale chochulukitsa kulemera kwa kaboni ndi 1.4 pofuna kudziwa kulemera konse kwa zinthu za oganiki chimachepetsa nambala. Barbara Turpin ndi Ho-Jin Lim ananena mu 2001 kuti m'mizinda 1.6 ndiye woyenera, ndipo kutali ndi mizinda 2.1.

Kulemerako sikukwera mpaka kalekale. OH akapitiriza kuluma, mamolekyu amayamba kuduka kukhala tizigawo topepuka timene timaulukanso, ndipo mapeto ake ndi mpweya wa CO2. Ofufuza atakoka mpweya wa mu Fort Pitt Tunnel ku Pittsburgh n'kuukalambitsa ndi makina, anapeza kuti SOA imachuluka kwambiri pa mlingo wofanana ndi masiku awiri kapena atatu a mumlengalenga, kenako imayamba kutsika. Masiku amenewa asandutseni mtunda. Mphepo ya mamita 5 pa sekondi imayenda makilomita oposa 430 pa tsiku. Xylene wa mu petulo amadyedwa ndi OH m'theka la tsiku, toluene m'masiku awiri, benzene m'masiku pafupifupi 10, ndipo tizidutswa timakhala m'mwamba pafupifupi sabata mvula isanatitsitse. Tizidutswa tambiri tobadwa ku utsi wa mzinda timabadwira kunja kwa malire a mzindawo, pamwamba pa anthu amene sanayatse injini iliyonse.

Tsopano onani zimene njira zoyesera zimachita ndi zonsezi. Ku Ulaya, kuyambira 2011, magalimoto a dizilo amawerengedwa tizidutswa, ndipo malire ndi 600 biliyoni pa kilomita. Asanawerenge, utsi amaudutsitsa mu chubu chotentha madigiri 300 mpaka 400 kuti zonse zokhoza kuuluka ziuluke, n'kuwerenga zolimba zokhazokha zoposa mananomita 23 (nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a maikulomita). Anachita zimenezi pa chifukwa chomveka: zouluka zija zimasinthasintha, ndipo malabotale awiri sakanapeza nambala yofanana. Lamuloli linathandizadi, chifukwa linakakamiza sefa za mwaye pa magalimoto a dizilo. Koma linachotsa dala pa mayeso zinthu zomwezo zimene zimabala tizidutswa mawa lake. N'zoona kuti pali malire ena a mpweya wa mafuta osapsa, mamiligalamu 100 pa kilomita pa galimoto ya petulo, koma malirewo amaphatikiza zonse pamodzi, ngati kuti galamu ya mpweya wopepuka umene sungabale kachidutswa n'kamodzi komwe ndi yofanana ndi galamu ya toluene kapena ya mamolekyu olemera aja.

Pa mbaula zankhuni kusiyanaku kumafika pochititsa manyazi. Mayiko ena amayeza ndi sefa yotenthetsedwa mu chumuni momwemo, mmene phula la utsi likadali nthunzi. Norway imayamba yausakaniza utsiwo ndi mpweya n'kuuziziritsa, phula lija n'kuundana, kenako n'kusefa. Mbaula imodzi, nambala ziwiri zotalikirana, ndipo kwa zaka zambiri nambala zonsezi zinkaikidwa m'kaundula mmodzi wa Ulaya ngati n'zofanana. Mu 2015 Hugo Denier van der Gon ndi anzake atawerengeranso ndi njira imodzi yophatikiza zoundanazo, zinthu za oganiki zochokera ku nkhuni za m'nyumba zinakwera kawiri kapena katatu. Apa n'kuti dzuwa lisanagwire ntchito yake.

Dzuwa likalowererapo, ngakhale mndandanda wa olakwa umasintha. Stephen Platt ndi anzake, mogwirizana ndi Paul Scherrer Institute ya ku Switzerland, analemba mu 2017 kuti magalimoto a petulo amene anawayesa anatulutsa tizidutswa tokhala ndi kaboni tochuluka ka 10 kuposa a dizilo okhala ndi sefa pa madigiri 22, ndi ka 62 pa madigiri 7 pansi pa ziro. Utsi wa petulo utakalambitsidwa unabala SOA yambiri, pamene wa dizilo wosefedwa sunabale yoti n'kuyezeka. Chifukwa chachikulu ndi kuliza injini yozizira: catalytic converter, chipangizo cha pa paipi chotsuka utsi, imayamba kugwira ntchito bwino ikatentha madigiri pafupifupi 250 mpaka 300, ndipo m'mphindi zoyambirira mafuta osapsa amangodutsa. Izi sizikuyeretsa dizilo, imene ili ndi mlandu wake wa NOx (mipweya ya NO ndi NO2), ndipo dizilo yakale yopanda sefa ndi yoipabe kwambiri. Zikungosonyeza kuti diso ndi sefa zimaona utsi wakuda, pamene utsi wosaoneka wa petulo, makamaka wa njinga zamoto za two-stroke zimene zimatentha mafuta osakaniza ndi oilo, umadzabala tizidutswa pambuyo pake. Ndipo pali zina zopanda paipi n'komwe. Brian McDonald ndi anzake anaonetsa mu 2018 kuti ku Los Angeles penti, guluu, inki, mankhwala otsukira, ophera tizilombo ndi zonunkhiritsa zafika popikisana ndi magalimoto potulutsa nthunzi za oganiki zochokera ku mafuta a pansi pa nthaka.

Zoyeza za m'mizinda zinali zitachenjeza kale. Ku Mexico City, Rainer Volkamer ndi anzake anapeza SOA yochuluka pafupifupi ka 8 kuposa mmene masamu a nthawiyo ankalosera, ndipo inkapangika m'maola ochepa dzuwa litatuluka. Pa chifunga cha utsi chimene chinakuta China mu January 2013, zoyeza za ku Beijing, Shanghai, Guangzhou ndi Xi'an zinaonetsa kuti 30 mpaka 77 peresenti ya PM2.5 inali yobadwira mumpweya, ndiponso 44 mpaka 71 peresenti ya zinthu za oganiki.

Mukanena zimenezi, wina amayankha kuti zambiri zimachokera ku mitengo ndipo palibe chimene boma lingachite. Yankholi lili ndi choonadi chake. Zomera zimatulutsa nthunzi ya oganiki yotchedwa isoprene yokwana matani pafupifupi 500 miliyoni pa chaka, kuposa nthunzi zonse za oganiki zimene anthu amatulutsa, ndipo Frits Went analemba kale mu 1960 kuti chifunga chabuluu cha pamwamba pa nkhalango chimachokera ku mpweya wa mitengo. Koma tsatirani isoprene ulendo wake wonse. Masana amadyedwa ndi OH mu ola limodzi kapena awiri. Kumene NO ndi wochepa, atadyedwa kawiri amasanduka kemikolo yotchedwa IEPOX, imene Fabien Paulot ndi anzake a ku Caltech anaizindikira mu 2009. IEPOX payokha ndi nthunzi ndipo ikanangouluka. Imalowa m'tizidutswa ikapeza kadontho ka salufeti kokhala ndi asidi ndi madzi, ndipo salufeti ameneyu m'madera okhala anthu amachokera kwambiri ku SO2, mpweya wotuluka poyatsa malasha ndi mafuta okhala ndi salufa. Usiku, NO2 wa magalimoto ndi mafakitale amagwirizana ndi ozoni kupanga NO3, amene amagwira nthunzi za mitengo n'kupanga manaitireti a oganiki. Zoyeza za ku Centreville ku Alabama mu 2013 zinaonetsa SOA ya isoprene ikukwera ndi kutsika limodzi ndi salufeti. Ku Amazon, kafukufuku wa GoAmazon wa mu 2014 ndi 2015 anatsata utsi wa mzinda wa Manaus ukulowa m'nkhalango, ndipo kusanthula kwa mu 2019 kunapeza kuti utsiwo unkawonjezera SOA ya mitengo ndi 60 mpaka 200 peresenti pa avareji. Kaboni ndi wa mtengo, koma amene wamusandutsa kachidutswa ndi chumuni. Kaundula amene amalemba zonsezi pa mzere wa zachilengedwe amabisa phindu lenileni la kuchepetsa salufa mu mafuta.

Utsi wa moto wa tchire ndi nkhuni ndi umene umavuta kwambiri kuulosera, ndipo sindikufuna kuufewetsa. Pa malo oyezera a Welgegund ku South Africa, Ville Vakkari ndi anzake anapeza kuti masana kulemera kwa tizidutswa ta utsi wa moto wa tchire kumawirikiza kawiri m'maola pafupifupi atatu. Pa moto wina waukulu wa m'nkhalango za kwina, ndege zoyezera zapeza kulemera kusakusintha kwenikweni, chifukwa zouluka pobalalika ndi zobadwa pa dzuwa zimafafanizana. Koma ngakhale pamene sikelo sikusuntha, zamkati zimakhala zitasinthiratu. Levoglucosan, shuga wotuluka nkhuni zikamapsa amene ofufuza amamudalira ngati chidindo cha utsi wa nkhuni, amatha pa tsiku limodzi kapena awiri a OH wa masiku onse. Woyeza amene ali kutali ndi moto akadalira chidindochi amachepetsa mlandu wa nkhuni n'kuupereka kwina. Mdima nawo suimitsa ntchito: kafukufuku wa John Kodros ndi anzake wa mu 2020 anaonetsa kuti NO3 amakalambitsa utsi wa nkhuni usiku m'maola ochepa, ndipo izi zikufotokoza chifukwa chake mizinda yozizira ya dzuwa lochepa imapezeka ndi tizidutswa todzaza okosijeni m'nyengo yachisanu.

Za m'mitambo ndingodutsapo. Mitambo yambiri imauma osagwetsa mvula, ndipo m'madontho ake nthunzi zazing'ono monga glyoxal zimasungunuka, zimasanduka maasidi monga oxalic kapena kulumikizana kukhala mamolekyu aakulu, dontho likauma n'kutsala kachidutswa kolemererapo. Tizidutswa tokhalitsa timakoka madzi kuposa tatsopano, choncho timathandiza kupanga madontho a mitambo ndipo mvula imatitsitsa msanga. Mtundu wofiirira wa utsi wa nkhuni, umene umayamwa kuwala kwa dzuwa, umasuluka kwambiri pa tsiku loyamba, ngakhale gawo lake lolemera limakana.

Funso lofunika kwa wodwala mphumu ndi lakuti kodi utsi wokhalitsa ndi woopsa kuposa watsopano. Yankho si inde nthawi zonse. Makemikolo ena oipa amawonongeka mumpweya. Koma ena amabadwira momwemo. Ma PAH, makemikolo a mu utsi a gulu la benzo[a]pyrene amene bungwe lofufuza za khansa la IARC linamuika pa mndandanda wa zoyambitsa khansa mwa anthu, akagwidwa ndi OH kapena NO3 amabala ma nitro-PAH ndi ma quinone. Ma quinone akafika m'madzi okuta mapapo amatenga maelekitironi kwa zoteteza thupi n'kuwapereka kwa okosijeni, mobwerezabwereza osatha iwo eni, n'kumapanga makemikolo otupitsa minofu. Kaspar Daellenbach ndi anzake analemba mu 2020 kuti ku Ulaya kulemera kwa tizidutswa kumachokera kwambiri ku mchere wa naitireti ndi salufeti ndi fumbi, pamene mphamvu yowononga maselo mwa njira imeneyi imachokera kwambiri ku SOA ya utsi wa nkhuni za m'nyumba ndi tizitsulo ta mabuleki ndi zina zoperepeseka pa galimoto. Boma lingathe kutsitsa nambala ya pa sikelo osakhudza kwenikweni gawo lopweteka.

Palinso nkhani ya kulimba. Kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti kachidutswa ka oganiki ndi kadontho kamadzimadzi kosakanikirana bwino mkati. Mu 2010 Annele Virtanen ndi anzake anaona tizidutswa ta SOA ya mitengo tikudumpha tikamenya mbale ya makina oyezera, zimene kadontho sikachita. Malinga ndi chinyezi ndi kutentha, kachidutswa kamatha kukhala ngati madzi, uchi, phula kapena galasi. Kumene kuli kozizira ndi kouma, monga m'mwamba kwambiri, ozoni amangogwira khungu la kunja ndipo za mkati zimasungika. Benzo[a]pyrene woyalidwa poyera amadyedwa ndi ozoni m'maola ochepa, koma wokutidwa ndi SOA yolimba amayenda mtunda wautali ali wamoyo. Nambala ya m'labotale yoyezedwa pa kemikolo imodzi yoyera siyenera kulowetsedwa m'masamu a mumlengalenga popanda kufunsa kuti kemikoloyo yakutidwa ndi chiyani.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zamphamvu, ndipo n'zofunika kuziyankha. Yoyamba ndi yakuti umboni wa imfa unamangidwa pa kulemera kwa PM2.5. Kafukufuku wa yunivesite ya Harvard wa mizinda 6 ya ku America wa mu 1993 anapeza imfa zochuluka ndi 26 peresenti ku Steubenville, mzinda wa mpweya woipitsitsa, poyerekeza ndi Portage, wa mpweya wabwino koposa, ndipo kafukufuku wochuluka wotsatira anatsimikizira. Ndikuvomereza kwathunthu, ndipo malire a PM2.5 asachotsedwe. Koma mfundoyi ikundithandiza ine: PM2.5 imene anthu a m'mizinda ija ankapuma inali yokhalitsa kale. Kuti muitsitse muyenera kudziwa makolo ake, ndipo malamulo amachita kale zimenezi pa zina. Kuyambira pamene Arie Haagen-Smit anaonetsa kumayambiriro kwa ma 1950 kuti chifunga cha ku Los Angeles chimapangika dzuwa likagwira nthunzi za mafuta ndi NOx, ozoni amalimbana naye poletsa makolo ake. Salufeti amalimbana naye poletsa SO2. Zinthu za oganiki zokha ndi zimene zatsalira.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti zipangizo zokalambitsira utsi sizinafike podalirika, ndipo apa otsutsa akunena zoona zambiri. Njira yakale ndi thumba lalikulu la Teflon, kuyambira makiyubiki mita ochepa mpaka 270 ngati la ku Jülich, lowalitsidwa ndi dzuwa kapena nyale. Makoma ake amayamwa nthunzi zomwezo zimene zikanakhazikika pa tizidutswa, ndipo kafukufuku wa ku Caltech wa mu 2014 anapeza kuti izi zingachepetse SOA yoyezedwa mpaka ka 4. Njira yothetsera vutoli ndi kuikamo tizidutswa tambewu tambiri, kawirikawiri ta ammonium sulfate, kuti tipikisane ndi makoma. Njira yatsopano ndi kachitini ka malita pafupifupi 13 kokhala ndi nyale za mercury zowala pa mananomita 185 ndi 254, mmene utsi umadutsa mphindi ziwiri kapena zitatu pakati pa OH wochuluka kambirimbiri kuposa wa panja. N'kotsika mtengo ndipo kamanyamulika, koma kamalakwika m'njira zodziwika. Mukalowetsa utsi wokhuthala, umamaliza OH yense ndipo mumaganiza kuti mwaukalambitsa masiku atatu pamene ndi maola ochepa. Kuwala kwa 254 sikufika pansi pano chifukwa ozoni wa m'mwamba amatchinga chilichonse chochepera pafupifupi 290, choncho kukachuluka kumaswa mamolekyu m'njira yosachitika panja. Ozoni wa m'kachitinimo amadya NO m'masekondi, ndiye zochitika za mumsewu sizitsanzirika pokhapokha mutawonjezera N2O kuti NO azipangika mkati momwemo. Ndipo mphindi ziwiri sizikwanira kuti nthunzi zonse zikhazikike ngati tizidutswa tili tochepa.

Zolakwika zonsezi zili ndi malamulo ake ozipewera: sakanizani utsi ndi mpweya woyera wochuluka musanaulowetse, sungani chinyezi chokwanira kuti OH achuluke poyerekeza ndi kuwala, ikanimo mpweya wodziwika liwiro lake monga CO kapena SO2 kuti kuchepa kwake kukuuzeni OH amene wagwiradi ntchito, ndipo yesani pa milingo ingapo ya kuwala kuti muone pamene SOA yafika pachimake. Kuwerenga tizidutswa ta dizilo nakonso kunali kosadalirika mpaka mayiko atagwirizana njira imodzi ndi kuiyesa m'malabotale ambiri. Nambala yolakwika ndi theka ndi yabwino kuposa ziro, ndipo ziro ndiye nambala imene chilolezo cha lero chimapereka kwa SOA.

Malo oyezera mpweya wa m'mizinda nawo ali ndi mabowo ake. Makina akale oyeza kulemera kwa tizidutswa otchedwa TEOM amatenthetsa sefa pa madigiri 50 kuti achotse madzi, n'kuchotsa pamodzi naitireti ndi zinthu za oganiki zouluka msanga. Sefa ya quartz imayamwa nthunzi n'kukweza nambala ya kaboni, ndipo wosamala amaika sefa yachiwiri kumbuyo kuti achotsere, amaotcha sefazo pa madigiri 500 kapena kupitirira asanazigwiritse ntchito, n'kuzisunga mu firiza akazichotsa. Timasensa totsika mtengo toyeza ndi kuwala timakweza nambala kukakhala chinyezi, chifukwa tizidutswa tokhalitsa timafufuma ndi madzi, ndipo kasensa kokonzedwa pa utsi watsopano sikanena zoona pa wokhalitsa. Dziko lililonse liyenera kukhala ndi malo angapo oyeza zamkati mwa tizidutswa ola ndi ola, limodzi la iwo lili kumene mphepo ya mzinda waukulu imalowera, pa mtunda wa theka la tsiku kapena tsiku.

Pa chilolezo cha injini kapena mbaula ndikufuna kuona nambala zitatu m'malo mwa imodzi: tizidutswa tolimba, zoundana utsi utazizira ndi kusakanizidwa pa mlingo wolembedwa, ndi zobadwa utakalambitsidwa mofanana ndi masiku awiri. Pa penti, guluu ndi mafuta, malire aziwerengera kuthekera kwa kemikolo iliyonse kubala tizidutswa, osati kulemera kokha, chifukwa wopanga penti akachotsa mankhwala opepuka n'kuikamo olemera kuti apyole malire a nthunzi, angathe kuchepetsa ozoni n'kuwonjezera SOA. Nambala yachitatu idzafuna zaka za kugwirizana pa njira. Yachiwiri sifuna chipangizo chatsopano chilichonse, popeza Norway imaiyeza kale pa mbaula ndipo bungwe loteteza chilengedwe la EPA ku America lili ndi njira yake ya Method 202 yoyezera zoundana pa machumuni a mafakitale.